Tinamwera Chikho Chimodzi

Madzi amene anthu ankati apha Don Porfirio Cañete, inenso ndinamwa nawo.

N'chifukwa chake dokotala wa ku Villarrica atandiimbira foni kuti bambowo amwalira, sindinathamangire chipewa kapena njinga yamoto. Ndinayamba ndagwira pamimba panga n'kumamvetsera. Munali zii.

"Matumbo awo apsa ngati anameza makala," anatero dokotalayo. "Ndi chomera chimenechi, a Recalde, koma musandifunse kuti chomera chanji. Anamwa chiyani?"

"Terere."

"Amamwa ndi ndani?"

"Ndi ine," ndinayankha.

Tinali anayi pansi pa mango m'mawa wa tsiku loyamba la Ogasiti: Don Porfirio, akazi awo Ña Serafina, mng'ono wawo Atilano, ndi ine Dionisio Recalde, amene amanditcha Nicho, wapolisi wa mudzi uno wa m'tsinde mwa mapiri a Ybytyruzú. Ine ndinangopatukira nditamva kamtondo kakulira kuseri kwa mpanda. Kunkawomba mphepo yotentha ya kumpoto ija yopweteketsa mutu. Ña Serafina anasinja zitsamba n'kuzithira m'jagi ya madzi ozizira, chikho cha nyanga n'kuyamba kuzungulira. Terere wathu ndi ameneyo. Jagi imodzi, chikho chimodzi, kapaipi koyamwira kamodzi. Palibe amene anadumphidwa, ndipo ngati pali wina anamwa kuposa anzake, ndinali ine.

Chachilendo chimene ndinaona tsiku lija chinali chimodzi chokha, ndiponso chinali chabwino. Abale awiriwa anali atatha miyezi osapatsana moni, koma m'mawa umenewo Don Porfirio ankangomuyang'ana mng'ono wawo n'kumamufunsa kuti, "Wadzuka bwanji, Atilano? M'thupimo muli bwino?" Anafunsa, pakapita kanthawi n'kufunsanso. Ndinachokapo ndikuti mumtima, Ogasiti wa chaka chino wayamba bwino.

Dzuwa litapendeka Don Porfirio anayamba kusanza. M'mawa mwake anawanyamula pa lole ya nzimbe kupita nawo kuchipatala, ndipo sanabwerere amoyo.

*

Mtembo unafika masana. Pamene ndinkaimika njinga pakhomo pa a Cañete, Atilano anali atandiona kale. Ndi munthu wamtali, wolankhula ngati akuitana ng'ombe zili kutsidya la mtsinje, ndipo kunong'ona sakudziwa ngakhale pamaliro.

"Wabwera kudzamwa khofi, Nicho, kapena kudzagwira ntchito?"

"Pepa, Atilano, ndi zimene zachitikazi."

"Pepa wakoyo akadzutse achimwene. Zitsamba zija alamu anagula kwa ndani? Kwa Fidela. Amene anatukwana achimwene pamsika anthu akumva ndani? Fidela. Anati chiyani? Anati mukadula nkhalango ija mudzamwa madzi ake. Ndikunama? Funsa aliyense pano."

Amuna amene anakhala pamabenchi anagwedeza mitu. Nkhaniyo ndinkaidziwa. Malo amene bambo awo anawasiyira abale awiriwa amakwera mpaka kuphiri, ndipo kumtundako ndi nkhalango imene Ña Fidela Ocampos akhala akukumbamo mankhwala kuyambira ine ndisanabadwe. Don Porfirio ankafuna kugulitsa malowo kwa anthu odzala bulugamu.

"Komatu amene wakhala akukana kusaina kuti malowo agulitsidwe ndiwe," ndinatero.

"Ndiye? Ine ndimakana chifukwa iwo amafuna. Ndi zapachibale zimenezo. Kukana si kupha."

"Iwenso unamwa terere yemweyo. Ukumva bwanji?"

"Ine ndili bwino."

"Inenso ndili bwino. Ndiye mankhwalawo anasankha bwanji munthu?"

Anacheukira amuna a pamabenchi aja. Kenako anandiyandikira.

"Amayi aja zitsamba zimawamvera. Akachiuza chitsamba kuti uyu umusiye, uyu umugwire, chimachitadi. Ukapanda kuwamanga, anyamata a kuno akudziwa pamene pali nyumba yawo. Machesi ali nawo."

*

Kunyumba kwawo Ña Fidela sindinawapeze. Ndinasiya njinga pamene msewu umathera n'kukwera wapansi. Mu Ogasiti nkhalango ya kuphiriko imauma pansi, masamba amalira kuphazi, ndipo tinjira tonse timafanana. Ndinazungulira mtengo umodzi womwewo kangapo. Chimene chinanditsogolera mapeto ake ndi fungo la ndudu yawo ya fodya wakuda.

Anali atagwada m'mphepete mwa kamtsinje, akufukula muzu ndi nsonga ya chikwanje. Pambali panali thumba lawo, muli makungwa ofiira ndi timitolo ta masamba tomanga ndi luzi. Sanacheuke.

"Ukuponda mankhwala a impso, Nicho. Sunthira kumanzere."

Ndinasuntha.

"Amenewo ndi a chifuwa. Ima pamwalapo, ndi pokhapo sungawononge kanthu."

Ña Fidela ndi amene anandichotsa njoka zam'mimba ndili mwana, ndipo mpaka lero akandiona ndavala yunifolomu amaona njoka zomwezo.

"Don Porfirio amwalira," ndinatero.

"Ndamva. Wabwera kudzandimanga?"

"Ndabwera kudzafunsa zimene munagulitsa kwa Ña Serafina."

"Zimene ndinagulitsa kwa mudzi wonse. Mizu yoziziritsa thupi, masamba a kokũ, ndi kaduwa ka Ogasiti koyeretsa magazi. Mkazi wako anatenga mtolo womwewo. Ansembe anatenga. Wamva kuti ansembe afa?"

"Akuti munawaopseza pamsika."

"Ndinawatukwana, eya. Ndikanakhala kuti ndimapha aliyense amene ndamutukwana, bwenzi mudzi uno titatsala ine ndi nkhuku."

Anadula muzu uja pakati. Theka anaponya m'thumba, theka linalo anakwiriranso n'kupondereza dothi ndi chikhatho.

"Adokotala akuti chiyani?"

"Akuti matumbo apsa."

Dzanja lawo linaima. Anachotsa ndudu pakamwa n'kundiyang'ana koyamba.

"Kusanza, kenako kutsegula m'mimba kwa magazi, ndi ludzu losatha?"

"Ndi momwemo."

"Mio-mio."

Chitsamba chimenecho aliyense wa kuno amachidziwa. Chimapha ng'ombe zachilendo zimene sizinaphunzire kuchilambalala.

"Muno mulibe," anatero. "Chimafuna dzuwa, chimamera kubusa. Ine ndilibe nacho ntchito, sichichiritsa chilichonse." Anapukuta chikwanje pa siketi. "Mwezi watha Porfirio anandilondola mpaka kuno. Munthu amene sakwera phiri ngakhale ng'ombe yake itasochera. Anakhala pamwala waimapowo, chipewa chili m'manja, n'kuyamba kundifunsa za mio-mio."

"Kuti chimaoneka bwanji?"

"Munthu wokulira m'khola angafunse zimenezo? Anafunsa ngati munthu angafe nacho. Anafunsanso ngati munthu angachizindikire pakamwa chitathiridwa m'chakumwa."

"Inu munawayankha?"

"Ndinayamba ndafunsa kuti mukufunsiranji. Anati akuopa, pali wina akufuna kuwadyetsa. Ndinawamvera chisoni, ngakhale ndinkadana nawo. Ndinati asamale ndi chakumwa chimene n'chowawa kale, chifukwa m'chowawa chimabisala."

"Wina wakeyo ndani?"

Anabwezera ndudu pakamwa n'kumanga thumba.

"Anati wamagazi awo."

*

Ndinatsika nawo kuphiri n'kukawasiya kupolisi, chitseko ndinakiya.

"Ndiye wandimangadi," anatero ali pazenera.

"Ndikukubisani."

"Kusiyana kwake n'kotani?"

Ndinabwerera kumaliro.

Ña Serafina ndinawapeza kuseri kwa nyumba, pakati pa amayi osenda chinangwa. Ndinawaitanira pambali, pafupi ndi chitsime. Mayi amenewa ukawafunsa njira ya kutchalitchi amayamba akuuza za ukwati wawo.

"Ine ndinanena, a Recalde, ndinanena kuti Ogasiti ndi mwezi wotenga anthu, koma ine amandimvera ndani? Ndipo jagi ija ndinaitsuka, anthu asamanene kuti sindinatsuke, ndinatsuka ndi phulusa ngati mmene mayi anga ankatsukira. Inenso m'mimbamu munandipota mpaka kunja kunacha, koma wandifunsa ndani? Palibe."

"Inunso munadwala?"

"Kupota kokha. Ndinati mwina ndi nkhawa, poona mmene abambo amavutikira."

Apa mutu wanga unayamba kuzungulira. Tinamwa anayi. Awiri sitinamve kanthu, mmodzi anapotedwa m'mimba, mmodzi anafa. Ndinayesa kukumbukira mmene tinakhalira, amene anayamba kulandira chikho, amene anachigwira nthawi yaitali. Ndinafika mpaka podzifunsa ngati munthu angapake kanthu pakapaipi kuti kagwire pakamwa pamodzi pokha. Zonse zinkangondibwezera pamalo omwewo.

"Titachoka ine ndi Atilano, munadya chiyani?"

"Chinangwa ndi msuzi wa nyama. Zotsala anadya agalu, si awo akuyendawo."

"Nanga chakumwa?"

"Madzi basi. Pakhomo pano sitimwa zachilendo ife." Anapukuta mphuno ndi nsalu. "Kupatula karulimu, koma ameneyo si chakumwa, ndi mankhwala."

Karulimu ndinali nditamuiwaliratu, mwina chifukwa tsiku limenelo amapezeka pakhomo lililonse ngati mchere. Kachasu wa nzimbe, masamba a ruda ndi ndimu, aliyense amalawa pang'ono kuti mwezi woipawu umudutse. Inenso ndinali nditalawa wanga kunyumba ndisanatuluke, nkhope itakwinyika. Ndi wowawa kale.

"Ine ndinangonyowetsa milomo, mowa sundiyanja," anapitiriza Ña Serafina. "Koma abambo mumawadziwa. Iwo kulawa kwawo n'kufika pansi pa botolo."

"Munagula kwa Ña Fidela?"

"Sitinagule ayi. Anabweretsa alamu m'mawa womwewo, inu musanafike. Anati apangira achimwene awo ndi manja awo. Ine ndinati mumtima, Mulungu wamva mapemphero anga, ayanjana anthu awa."

Botolo analitulutsa pansi pa bedi. Linali lapulasitiki, la zakumwa zozizira, ndipo pansi pake panatsala timadzi tobiriwira.

Kupolisi Ña Fidela anakhuthulira timadzito m'mbale n'kuyamba kusanthula ndi kamtengo ka machesi.

"Uyu ndi ruda. Ili ndi khungu la ndimu." Anatola katsamba kopyapyala ngati singano n'kukayang'ana pazenera. "Ichi ndiye chija."

*

M'mawa wa tsiku loika maliro ndinapita kwa Atilano, maunyolo ali m'thumba. Ndinamupeza pakhonde akupolisha nsapato. Tinakulira limodzi ine ndi iyeyu, ndipo njira yonse ndinkayeseza mawu oyamba. Nditafika ndinangoimika botolo lija pakati pa nsapato zake.

"Ukulidziwa ili?"

Makutu ake anafiira. "Alamu anena?"

"Anena kuti unabweretsa ndiwe. Muli mio-mio, Atilano."

Anaseka, kenako anaona kuti ine sindikuseka.

"Sindinapange ine."

"Unawauza kuti wapanga ndi manja ako."

"Ndinanama."

"Ndiye unanama tsiku lija kapena ukunama lero?"

Anayang'ana kumsewu, n'kutsitsa mawu. Sindinamumvepo akulankhula motsitsa chotero.

"Ine mowa ndinasiya, Nicho. Adokotala anandipeza ndi matenda a shuga. Sindinauze munthu, chifukwa achimwene akanandiseka kuti ndasanduka sisitere. Ndiye madzulo oti mawa ndi Ogasiti, kunabwera botolo la karulimu, mphatso. Kumwa sindingamwe. Kutaya ndinaona ngati tchimo. Kupita kwa achimwene chimanjamanja pa tsiku ngati limeneli, manyazi. Ndinangothira m'botolo lina kuti asazindikire, n'kupita nalo."

"Mphatso yochokera kwa ndani?"

Anakanda m'mutu n'kuseka kamanyazi.

"Kwa achimwene omwewo. Ndinawabwezera mowa wawo womwe n'kunama kuti ndapanga ine. Ndi chimenecho ndimabisa. Usauze anthu, iwe, adzandiseka mpaka kumanda."

Ndinamuyang'anitsitsa. Nkhope yake inali ya munthu amene wagwidwa akuba shuga, osati amene wamva zimene pakamwa pake pangonena. Komabe ndinaganiza kuti n'kosavuta kunamizira munthu amene ali m'bokosi.

"Alipo amene anaona?"

"Funsa alamu. Anabweretsa ndi iwowo."

*

Tinapita kumaliro ine ndi Atilano. Ña Serafina anali akumanga mpango wakuda kumutu pamene ndinawafunsa.

"Eya, ndinapititsa ndine, lokulunga m'nyuzipepala, ndipo miyendo yangayi imandipweteka koma ndinapita. Abambo anati ndisatsegule, ndisalawe, ndi zapachibale. Anapanga okha kukhola la ng'ombe za ngolo, munthu amene chikwatirane sanagwirepo ngakhale supuni. Kamtondo kanga anakakana, akuti kamanunkha adyo." Anaima n'kundiyang'ana. "Koma zimenezo zikukhudzana bwanji ndi botolo la alamu? Lija linali lagalasi, ili n'lapulasitiki."

Ndinatuluka n'kulunjika kukhola, ndipo ndinamva nsapato za Atilano zikunditsatira.

Ng'ombe anali atazitulutsa. Kuseri kwa chomweramo tinapeza mwala waphwatalala, pakati pake pothimbirira mobiriwira, ndi kamwala kena kosinjira pambali. Ndinaimirira pa goli n'kupisa dzanja pakati pa malata ndi mtanda. Ndinatulutsa thumba la feteleza lopindapinda. M'katimo munali mtolo wa tinthambi touma, tina titapululidwa masamba.

Atilano anatenga kanthambi kamodzi n'kukanunkhiza. Nayenso anakulira m'khola. Sanandifunse kuti n'chiyani.

"Mwina wina anaika," anatero.

"Mwina."

"Fidela angathe kulowa muno."

"Ndi agalu aja? Ndiponso akanadziwa bwanji kuti iwe sumwa mowa?"

Anakhala pansi pa goli, malaya ake oyera akukhudza ndowe youma. Ankatembenuza kanthambi kaja m'zala.

"Amandifunsa kuti m'thupi muli bwanji," anatero pang'onopang'ono. "Iwe unalipo. Usanafike ananditengera pambali n'kundifunsa ngati ndamwa. Ndinati ndamwa, achimwene, ndi wokoma. Anandigwira paphewa. Chimwalirire bambo athu anali asanandigwirepo paphewa."

Ntchentche zinkalira pamalata. Kutsogolo kwa nyumba amayi anali atayamba kolona.

"Ndiye botolo lija linali langa."

"Zikuoneka choncho."

"Chifukwa cha kusaina?"

"Sindikudziwa."

"Nanga ndawapha ine, kapena adzipha okha?"

"Sindikudziwa, Atilano."

Sindinkamubisira. Ntchito imeneyi ndinaphunzira kuti pakafa munthu umafuna amene wamupha n'kumumanga. Apa wopha ndi wophedwa anali m'bokosi limodzi, atavala suti ya paukwati. Munthu yekhayo amene ndinamutsekera anali mayi wosalakwa, ndipo kuti nyumba yawo isapse ndinayenera kuuza mudzi wonse zimene tinapezazi. Kuuza mudzi kunali kuuza Ña Serafina kuti imfa ya amuna awo anainyamula okha popita, n'kuilandiranso ndi manja awiri pobwera.

"Alamu usawauze lero," anatero Atilano.

"Nanga Ña Fidela? Anyamata aja akudikira tichoke kumanda."

Anapukuta kumaso ndi mkono.

"Anyamatawo ndikalankhula nawo ndine. Ndinawatuma ndine."

"Ukawauza chiyani?"

"Kuti ndinalakwitsa. Zinazo undifunse mawa."

Kenako tinamva Ña Serafina akuitana ali pakhonde, mawu atasasa ndi kulira.

"Alamu, muli kuti? Anthu akudikira inu. Kumutu kwa bokosi agwira ndani ngati si inu, m'bale wawo?"

Atilano anakhalabe pa goli kanthawi. Ndinaganiza kuti sadzuka. Kenako anandipatsa kanthambi kaja, anasasa fumbi pa thalauza, n'kumanga batani lakukhosi. Anadutsa pakati pa anthu osayang'ana aliyense, anawerama, n'kugwira chogwirira cha kumutu. Bokosi litanyamuka linapendekera mbali yake, ndipo munthu wina kumbuyo anati, "Kwezani pang'ono, a Cañete." Anakweza.